Mlandu Suwola

Dimba la azakhali anga silinalandidwe ndi phokoso. Panalibe kutukwanizana, panalibe wosolola chikwanje. Patangotha miyezi itatu chiikire amuna awo m'manda, alamu awo analawirira m'mawa wina khasu lili paphewa, n'kuyamba kutipula pamene panali kabichi ngati munthu amene akupitiriza ntchito yomwe anaisiya dzulo. Azakhali atafika ndi ndowa yawo yothiririra analandiridwa ndi ulemu wonse. "Mwadzuka bwanji, alamu? Pano musadzivutitsenso, tiziona ndife."

Ukwati wawo unali wachitengwa. Kwathu kuno ku Ntcheu amuna ambiri ndi amene amakakhala chikamwini, koma iwo anatengedwa kupita kwawo kwa mwamuna, kumunsi kwa Lizulu, ndipo kumeneko anakhetsa thukuta zaka zoposa makumi awiri. Dothi la dimbalo linada chifukwa cha ndowe zimene ankasenza pamutu kuchokera kukhola. Nzimbe za m'mbali anabzala ndi iwo. Fizi yanga ya Fomu 1 inachokera m'mbatatesi za m'dimba lomwelo, ndiye musayembekezere kuti nkhaniyi ndiikamba ngati munthu wopanda mbali.

Anakadandaula kwa anyakwawa. Chabwalo analipira, ankhoswe anabwera, anthu anakhala pansi pa kachere, amayi uku abambo uko. Tsiku loyamba mlandu unaimitsidwa chifukwa mboni ina inali ku Joni. Tsiku lachiwiri kunagwa maliro m'mudzi woyandikana nawo. Kenako mvula inagwa, aliyense ali kumunda, ndipo amene anakhalako kumudzi akudziwa kuti mlandu ukadutsa dzinja usanagamulidwe umayamba kutchedwa "nkhani ija". Chaka chisanathe azakhali anamanga katundu wawo, miphika, mphasa, ndowa ija, n'kubwerera kwawo.

Ndinawapeza pakhonde akutongola chimanga. Ndinali mnyamata, magazi akuwira, ndipo ndinayankhula zambiri zosayenera kulembedwa pano. Anandisiya mpaka mawu anandithera. Kenako, osadzutsa n'komwe mutu, anati: "Mwanawe, mlandu suwola."

Ndinapsa mtima kuposa poyamba. Kwa ine awa anali mawu a anthu ogonja, phulusa lowaza pachilonda kuti ntchentche zisatere, chilondacho chili chikhalire.

Zaka zapita ndipo mwambiwu sunandisiye. Kwathu kuno kuwola timakudziwa bwino. Imani pamsika wa Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off dzuwa likupendeka, muone nkhope ya mayi amene tomato wake sanathe. Iye akudziwa kuti mawa theka la dengulo likhala madzi. Mbatatesi zikanyowa m'thumba zimatulutsa fungo loti ngakhale nkhumba imabwerera m'mbuyo. Nsanamira imadyedwa ndi chiswe, denga la udzu limavunda, munthu naye amabwerera kudothi. Pakati pa zonsezi makolo anapeza chinthu chimodzi chokana kuvunda, ndicho mlandu. Iwo sankanena zakumwamba ayi. Ankanena za ng'ombe imene agogo ako anabwereka osabweza, imene mdzukulu wa mwiniwake akhoza kudzaifunsa kwa iwe, bwalo n'kumumvera.

Koma kuti mlandu usawole pafunika wina wousunga. Anyakwawa amamwalira, mboni zimakalamba n'kuyamba kusokoneza zaka, mafayilo a kukhoti amasowa, ana amabadwa n'kupeza nkhadze za m'malire zili pomwe zilipo n'kuganiza kuti zinamera zokha. Ngati osunga milandu ndi ife tokha, mwambiwu ndi bodza lokoma, pakuti milandu yambirimbiri yawola ife tikuona. Azakhali sankadalira chikumbumtima cha mudzi umene unawataya. Anali mayi wa Chigwirizano mumpingo wa CCAP, ndipo ngakhale mwambi anaunenawo unali wamakolo, woweruza amene anali naye m'mutu ndi uja samwalira, salandira mbuzi kuseri, ndipo mboni yake siikhala ku Joni.

Chovuta ndi nthawi. Mlandu suwola, inde, koma mwini mlandu amawola, ndipo boma lathu lino lili ndi manda ochitira umboni. Mu 1896 asilikali a boma la Angerezi anagwira Inkosi Gomani, mwana wa Chikuse, n'kumupha, ndipo manda ake alipo mpaka lero chakufupi ndi Dombole. Akhristufe timakonda kudumpha mbali ina ya nkhaniyi, yoti madandaulo ochokera kumishoni ya ku Dombole anali m'gulu la zinthu zimene zinaitanitsa asilikaliwo. Komanso anthu a m'midzi imene ankhondo a Gomani anaithira nkhondo anali ndi mlandu wawo, ndipo palibe amene anawamangira chipilala. Milandu yolukanalukana chonchi ikufuna woweruza wa maso oposa athu.

Mwana wake, Philip Gomani II, ndiye amandikhalitsa chete. Mu 1953, pamene boma la atsamunda linkakakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, iye anakana, n'kuuza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe amene anthu ankamangidwa nawo. Boma linamuchotsa paufumu. Mwezi wa Meyi apolisi anafika ku Lizulu kudzamutenga, munthu ali wodwala kale. Anthu anamutchinjiriza, ndipo anathawitsidwa kudutsa malire kulowa m'dziko la Apwitikizi limodzi ndi wansembe wa Anglican, Michael Scott. Apwitikizi anawabweza. Scott anathamangitsidwa m'dziko muno, Gomani anamwalira mu 1954 kuchipatala cha Malamulo ku Thyolo, kutali ndi anthu ake. Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo pa 6 Julaye 1964 mbendera ya Angerezi inatsitsidwa. Mlandu sunawole. Koma amene anausenza anali atagona zaka khumi, ndipo sanamve nthungululu ngakhale imodzi.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi alaliki ena a masiku ano, amene amalonjeza kuti ukabzala mbewu Lamulungu mdani wako agwada pofika Lachisanu. Ndawamva m'maminibasi, ndawamva pawailesi. Chikhulupiriro chotere chimatha ngati sopo wosiyidwa m'madzi, chifukwa Lachisanu limafika mdaniyo ali kunenepa. Baibulo lomwe amalikupizalo ladzaza ndi anthu amene anafa akudikira. Naboti anakana kugulitsa munda wamphesa wa makolo ake kwa mfumu Ahabu. Yezebeli anapeza mboni zabodza, bwalo linakhala monga mwa mwambo, ndipo Naboti anaponyedwa miyala. Eliya anafika ndi mawu a chiweruzo mwini munda ali kale m'dothi. Chiweruzocho chinadza, nyumba ya Ahabu inatha psiti, koma Naboti sanadyenso mphesa.

Habakuku ndiye ndimamumva ngati munthu wa kwathu. Buku lake limayamba ndi dandaulo, akufunsa Mulungu kuti adzafuula mpaka liti osamvedwa, malamulo atafooka ndipo milandu ikugamulidwa mokhota. Yankho limene analandira linali lowawa kuposa funsolo: kukubwera Ababulo. Atadandaulanso anauzidwa kuti alembe masomphenyawo ndipo adikire, ngakhale achedwe. Pomaliza mneneriyu akuwerenga zimene zingathe kumuthera, mitengo yosabala, minda yopanda chakudya, makola opanda ziweto, n'kunena kuti adzakondwerabe mwa Mulungu wake. Munthu wa mutauni akhoza kuwerenga ndime imeneyi ngati ndakatulo. Mngoni akamva za khola lopanda ng'ombe amadziwa kuti munthuyu akunena za kutha kwa dzina, kwa ulemu, kwa chokwatitsira ana. Ndipo sanadikire kuti khola lidzadze kaye.

Pamaliro timakonda kunena kuti Mulungu salakwa. Ndi zoona, koma mawu oona akhoza kusanduka chivundikiro. Ndawamvapo akunenedwa kwa mayi amene mwana wake anamwalira ali pamzere kudikira mankhwala amene wina anali atawagulitsa kuseri. Mulungu salakwa, koma anthu amalakwa, ndipo kusakaniza ziwirizi n'kumusenzetsa Mulungu milandu ya akuba. Yesu atafuna kuphunzitsa za kupemphera kosatopa sanasankhe munthu wongokhala chete pakhonde. Anasankha mkazi wamasiye amene ankapita ndithu kwa woweruza wosaopa Mulungu, lero, mawa, mkucha, mpaka woweruzayo anatopa naye. Kale ndinkaganiza kuti azakhali anagonja, koma ndikawerenga bwino masiku aja, kubwalo anapitako katatu, abusa anawauza, ankhoswe sanawapatse tulo. Ndipo mpaka imfa yawo sanasinthe katchulidwe. Ankati "dimba langa".

Lamulo loteteza chuma cha masiye, limene limaika kulanda katundu wa amasiye m'gulu la milandu yoti munthu amangidwe nayo, linakhazikitsidwa mu 2011. Silinagwe ngati mana. Linabwera chifukwa amayi ambiri onga azakhali anakana kutseka pakamwa, ndipo ena anawanyamulira mawu awo mpaka kunyumba ya malamulo. Kwa azakhali linafika mochedwa. Chimodzimodzi kalata ya maepiskopi Achikatolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992: anailemba ndi anthu okhulupirira kuti Mulungu ndi wolungama, ndipo n'chifukwa chake sanakhale chete, ngakhale ankadziwa chimene chinkachitikira oyankhula masiku amenewo. Pa 14 Juni 1993 dziko linavota kuti kukhale zipani zambiri. Kudikira Mulungu ndi kugogoda pakhomo la woweruza si njira ziwiri zosiyana, ndi mwendo wamanja ndi wamanzere wa munthu mmodzi.

Mu Juni 2024 Ntcheu inaliranso. Ndege imene inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu inagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni, ndipo pa 17 anamuika m'manda kwawo ku Nsipe. Ofufuza anatulutsa malipoti awo, koma m'mitima ya anthu ambiri mafunso sanathe, ndipo si ine woti ndiwatsekere. Chimene chimandibwerera ndi china. Usiku umene thupi linkapita ku Nsipe, galimoto inagunda anthu amene anali mumsewu pa Ntcheu, ndipo anayi anamwalira. Anali atangotuluka m'nyumba zawo kudzaona maliro akudutsa. Funsani lero pamsika uliwonse, dzina la wamkuluyo aliyense akulidziwa, koma a anayiwa akuwasunga ndi abale awo okha. Ngati palibe bwalo limene mayina anayi amenewa amatchulidwa ndi kulemera kofanana ndi kwa dzina lalikulu lija, ndiye kuti chilungamo ndi cha anthu otchuka basi. Ine ndimakhulupirira kuti bwalo limenelo lilipo, ndipo sindikhulupirira chifukwa ndinaliona. Ndimakhulupirira chifukwa Mwini bwaloyo anayamba waimapo yekha pamaso pa Pilato, mboni zabodza zikusinthanasinthana, ndipo akudziwa kukoma kwake kwa mlandu wogamulidwa mokhota.

Pali mbali ya mwambiwu imene ndinachedwa kuiona, chifukwa ndinkauloza kwa alamu a azakhali okha, ngati mkondo. Mkondo umenewu uli ndi nsonga kuwiri.

Pa nthawi ya nkhondo ya FRELIMO ndi RENAMO, dziko lino linalandira anthu othawa kwawo oposa miliyoni imodzi. Kwa ife sanali alendo ochokera kutali. Pa Lizulu malire ndi msewu wa M1 womwewo, kuwoloka msewu ndi kulowa dziko lina, ndipo amene ankabwera kuchokera ku Angonia anali a chinenero chathu ndi a mfunda zathu zomwe. Timanyadira kuti tinawalandira, ndipo n'zoona, tinawapatsa malo omangapo ndi olimapo. Koma pakhomo pathu panali mnyamata wina wa msinkhu wanga amene ankaweta ng'ombe zathu ine ndili kusukulu. Malipiro ake anali nsima ndi malaya amene ine ndawasiya. Ufa ndi nyemba zachithandizo zimene makolo ake ankalandira tinkagula pamtengo wa chifundo chonama, podziwa kuti akufuna ndalama ya mchere ndi sopo. Mgwirizano wamtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera, ndipo iye anawoloka msewu ndi kajumbo kamodzi m'manja. Zaka zinayi za kuweta, osalandira ngakhale mwana wa mbuzi. Palibe amene anatisumira kwa anyakwawa. Koma mlandu suwola, ndipo sindingapemphe Mulungu kuti akumbukire dimba la azakhali n'kuiwala ng'ombe zathu.

Kuyambira pamene ndinazindikira zimenezi, pemphero langa lofuna chilungamo linatsika mawu. Silinathe, koma linasiya kulamula. Ndinayamba kumvetsa chifukwa chake Akhristu timati chilungamo ndi chifundo zinakumana pamtanda: mlandu sunatayidwe ngati kuti unalibe kanthu, koma wolakwa anapatsidwa khomo lotulukira ali moyo. Ndipo khomolo si lozembera kubweza. Zakeyu atakhululukidwa anatsegula thumba lake n'kulonjeza kubweza kanayi kwa amene anawabera. Kulapa kumene kumasiya dimba m'manja mwa wolanda ndi kwa pakamwa chabe.

Ndinaonanso kusiyana kwa azakhali ndi ine. Tonse tinkati mlandu suwola, koma ine ndinausunga pakhosi, iwo anaupereka. Zaka zoposa khumi ndinkapatuka ndikaona aliyense wa banja lija pamsika, ndinkakonza m'mutu mawu oti ndidzawalase nawo, ndipo nkhani ya dimba ikangotchulidwa nsima inkandikanika. Iwo ankagona tulo mpaka kuliza mkonono. Chakukhosi ndi mlandu umene wausunga pamalo osayenera, ndipo poti wokha suwola, chimawola ndi chosungiracho. Paulo polembera Aroma anawauza kuti asabwezere okha, asiyire Mulungu malo. Kale ndinkaona ngati akutiuza kuti tiiwale. Tsopano ndimaona ngati munthu amene akukuuza kuti tula thumba la chimanga pangolo, ng'ombe zikoka, iwe uyende ndi manja awiri ogwira ntchito ina.

Nanga masiku apakatiwa, pakati pa kulandidwa ndi kuweruzidwa, munthu adya chiyani? Apa makolo anatisiyira mwambi wina: madzi saiwala khwawa. Pitani kuchigwa cha Bwanje mwezi wa Okutobala mukaone mitsinje ina itasanduka misewu ya mchenga, mbuzi zikuyenda pakati pake. Mlendo anganene kuti mtsinje unafa. Mayi wa komweko amagwada, n'kufukula mchengawo ndi mbale mpaka mkono wonse utalowa, n'kukhala pansi kudikira. Pang'onopang'ono pansi pa dzenjelo pamada, pamanyezimira, kenako timadzi timasonkhana. Amatunga ndi chikho mosamala kuti asavundule, ndowa imodzi kumutengera nthawi yoti wina akanaphika nsima n'kudya. Mu 2018 damu la Mpira linauma, mipopi ya kuno ndi ya ku Balaka n'kungotulutsa mphepo, ndipo anthu ambiri anabwerera kumchenga komweko. Mu 2024 ng'amba inapsereza chimanga mpaka boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Amene anadutsa m'zaka zimenezi sakamba za madzi osefukira. Amakamba za chikho chimodzi, thumba la ufa lochokera kwa mwana wa ku Lilongwe, ganyu wopezeka tsiku limene ufa unathera, mnansi wogawa mbewu. Kukhulupirika kwa Mulungu kumene ine ndakuona ndi maso kwakhala kotere nthawi zambiri, kobwera mochepa, kofuna kugwada ndi kufukula, koma kosaphonya khwawa.

Azakhali atabwerera kwawo anapempha kachigawo ka dambo kamene aliyense ankakakana chifukwa cha miyala. Anazula miyalayo umodziumodzi n'kuiunjika m'mbali. Sikanafanane ndi dimba lija ngakhale theka, koma mpiru ndi anyezi za pamenepo zinawagulira mchere ndi yunifomu ya Chigwirizano mpaka ukalamba.

Alamu awo aja atadwala kwakayakaya anatuma mwana kudzawaitana. Ine ndinati asapite. Iwo anamanga ufa pansalu, nkhuku kukhwapa, n'kukwera kabaza. Anakhalako masiku awiri. Atabwera ndinawafunsa ngati munthuyo anapepesa, ngati za dimba zinatchulidwa.

"Tinakamba za mvula," anatero. "Ndi za achimwene awo."

"Basi, azakhali?"

"Anagwira dzanja langa nthawi yaitali. Zinazo akakamba ndi Mwiniwake."

Dimbalo silinabwezedwe. Alamuwo anamwalira mwezi womwewo, azakhali anatsatira patapita zaka zitatu. Chaka chatha ndikuchokera ku Dedza ndinatsika pa Lizulu n'kutsetsereka wapansi mpaka kukamtsinje kaja. Nzimbe zilipobe, zachulukana mpaka kutseka kanjira. Ndinapeza kamtsikana ka zaka ngati khumi ndi ziwiri kakuthirira ndi chigubu chodulidwa pakamwa, mapazi ali matope okhaokha. Kanagwada n'kundipatsa moni, kenako n'kufunsa ngati ndikufuna kabichi. Ndinakafunsa kuti dimbali ndi la yani.

"Ndi la agogo," kanatero. "Anatisiyira."

Ndinasankha mitu iwiri. Kanadula ndi kampeni, n'kuchotsa masamba akunja, n'kuwonjezapo anyezi atatu a basela. Ndinalipira, ndipo ndinakwera mtunda kubwerera kumsewu dothi lakuda lija litandimata m'nsapato.